Ngongole zinakhululukidwa, nanga zabwerera bwanji? Zimene zimapanikiza chuma cha mayiko osauka

Kumapeto kwa June 2025, atsogoleri a mayiko ndi nduna za zachuma anakumana mumzinda wa Sevilla ku Spain kukakambirana za komwe ndalama zachitukuko zichokere. Unali msonkhano wachinayi wa mtunduwu. Woyamba unachitikira ku Monterrey m'dziko la Mexico mu 2002. Ku Sevilla dziko la United States silinatenge nawo mbali. Mu 2025 momwemo boma la America linathetsa ntchito zambiri za USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena, ndipo Britain inalengeza kuti ichepetsanso thandizo lake. Izi zikuchitika, bungwe la United Nations loona za malonda ndi chitukuko, UNCTAD, linali litawerengera kale kuti anthu oposa 3 biliyoni akukhala m'mayiko amene boma limalipira ndalama zambiri pa chiwongoladzanja cha ngongole kuposa zimene limaika pa maphunziro kapena pa zaumoyo.

Amene amakumbukira bwino ayenera kudabwa. Paja si mu 2005 pamene zinamveka kuti ngongole za mayiko osauka zakhululukidwa? Nanga zabwerera bwanji? Ena amati vuto ndi atsogoleri osolola. Ena amati ayi, ndi mayiko olemera amene akudyera anzawo masuku pamutu. Mayankho onsewa ali ndi choonadi chake, koma safotokoza mmene zinthu zimayendera. Kuti timvetse, tiyenera kuona khomo limene ndalama zimalowera m'dziko, khomo limene zimatulukira, ndi amene anaika malamulo a makomo onsewo.

## Tikunena mayiko ati?

Mawu oti "mayiko okwera kumene" amaunjika pamodzi mayiko osafanana n'komwe. China, India ndi Brazil ali m'gululi, momwenso muli Haiti, Niger ndi Nepal. Ndiye kuyambira mu 1971 United Nations ili ndi mndandanda wapadera wa mayiko osaukitsitsa. Imayang'ana ndalama zimene munthu mmodzi amapeza pa chaka, thanzi ndi maphunziro a anthu, komanso mmene dziko limagwedezekera kukagwa vuto. Pofika 2025 pamndandandapo panali mayiko 44, ndipo 32 mwa iwo anali a mu Africa. Pa zaka zoposa 50, amene akwanitsa kutulukapo ndi asanu ndi atatu okha, kuyambira ndi Botswana mu 1994. Chiwerengero chimenechi pachokha chikusonyeza kuti phirili n'lovuta kukwera.

## Zonse zimayambira pa dola

Boma lililonse lingathe kusindikiza ndalama yakeyake, koma silingasindikize ya dziko lina. Chonsecho mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'zipatala ndi makina a m'mafakitale zimagulidwa kunja, ndipo ogulitsa ake amafuna ndalama zakunja, makamaka dola ya America. Zili ngati munthu amene amalandira malipiro ake m'ndalama imodzi, pomwe mwini nyumba imene akuchita lendi amafuna ndalama ya mtundu wina. Mwezi uliwonse ayenera kukasintha kaye, ndipo mtengo wosinthirawo saika ndi iye.

Banki yaikulu ya dziko imasunga nkhokwe ya ndalama zakunjazi. Akatswiri amaiyeza ndi miyezi: kodi zitati zasiya kulowa lero, dziko lingagule katundu wakunja kwa nthawi yaitali bwanji? Ikatsika kufika pansi pa miyezi itatu, amati zinthu zafika povuta.

Madola amalowa m'dziko kudzera m'kugulitsa katundu kunja, m'makampani akunja odzayamba ntchito, m'thandizo, m'ngongole, ndiponso m'ndalama zimene nzika zogwira ntchito kunja zimatumizira abale awo. Khomo lomalizali ambiri amalichepetsa, koma ndi lalikulu zedi. Mu 2023 anthu otere anatumiza madola oposa 600 biliyoni kumayiko osauka ndi apakati, pomwe thandizo lonse lochokera ku maboma olemera linali cha m'ma 220 biliyoni. Ndiye kuti oyeretsa m'maofesi, anamwino ndi omanga nyumba akutumiza pafupifupi katatu kuposa maboma. Chomvetsa chisoni n'choti pa madola 100 alionse otumizidwa, pafupifupi 6 amatsalira kwa makampani otumizira ndalama, ndipo kutumiza kumayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara n'kodula kuposa pamenepo. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pa madola atatu.

Madola akasowa, ndalama ya dzikolo imachepa mphamvu. Apa ndi pamene pali msampha. Tiyerekeze dziko lili ndi ngongole ya madola 100 pa nthawi imene dola imodzi ikusinthidwa ndi ndalama 10 zakwawo. Ngongoleyo ndi 1,000. Ndalama ikagwa n'kufika pa 15, ngongole yomweyo yasanduka 1,500. Palibe wakabwerekanso, palibe msewu wowonjezera umene wamangidwa, koma misonkho yofunika kuti ibwezedwe yakwera ndi theka.

Ndipo chimene chimagwetsa ndalamayo nthawi zina chimachitikira kutali. Kuyambira March 2022 mpaka July 2023, banki yaikulu ya America inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pafupi ndi ziro kufika pa 5 peresenti ndi kupitirira, pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu kwawoko. Eni ndalama padziko lonse ataona kuti akhoza kupindula bwino ku America popanda kudera nkhawa, anachotsa ndalama zawo m'mayiko osauka. Dola inakwera mphamvu, ngongole zinalemera. Anthu a ku Accra kapena ku Colombo sanafunsidwe maganizo, koma mitengo m'misika yawo inamva kuwawa kwake.

## Kugulitsa zosakonza, kugula zokonzakonza

Mayiko ambiri osauka amapeza madola awo kuchokera ku katundu mmodzi kapena awiri: kopa, mafuta, khofi, thonje, golide. Mtengo wa katundu wotere umaikidwa m'misika ya ku London, New York ndi Chicago, ndipo umakwera ndi kutsika mosayembekezereka. Nduna ya zachuma imakonza bajeti mtengo uli pamwamba, pakati pa chaka wagwa, koma malipiro a aphunzitsi ndi ngongole sizitsika nawo.

Mu 1950 akatswiri awiri, Raúl Prebisch wa ku Argentina ndi Hans Singer, aliyense payekha, ananena kuti pakapita nthawi yaitali mitengo ya katundu wosakonza imatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi ya katundu wa m'mafakitale. Kunena kwina, matumba a khofi amene ankagula thalakitala imodzi kale, pambuyo pake sakwaniranso. Akatswiri amatsutsanabe ngati izi zimachitika pa katundu aliyense ndi nthawi zonse, chifukwa pali zaka zina, monga za m'ma 2000, pamene mitengo ya miyala ndi mafuta inakwera kwambiri. Koma ganizoli ndi limene linabala UNCTAD mu 1964, Prebisch yemweyo n'kukhala mlembi wake woyamba.

Chitsanzo chodziwika ndi koko. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la wa padziko lonse, koma phindu lalikulu la chokoleti limatsalira kumene amamukonza, kumukulunga ndi kumugulitsa. Mu 2019 mayiko awiriwa anamanga chimodzi n'kulamula kuti ogula aziwonjezera madola 400 pa tani iliyonse kuti mlimi apezeko kangachepe. Nayo Democratic Republic of Congo imakumba pafupifupi 70 peresenti ya kobati wa padziko lonse, mwala wofunika popanga mabatire a mafoni ndi galimoto zamagetsi, koma wambiri amakayengedwa ku China.

N'chifukwa chiyani osangokonza okha? Mbali ina ndi malamulo a malonda. Kwa nthawi yaitali mayiko olemera ankalola katundu wosakonza kulowa ndi msonkho wochepa, koma wokonza n'kumulipiritsa wambiri, ndipo m'misika ina zidakalipobe. Amapatsanso alimi awo ndalama zothandizira, zomwe zimagwetsa mitengo padziko lonse. Mu 2003 mayiko anayi olima thonje, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anakadandaula za izi ku bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO. Brazil inasumira America pa nkhani yomweyi n'kupambana, ndipo mlanduwo unatha mu 2014 America italipira madola 300 miliyoni. Mayiko anayi aja analibe mphamvu zoyendetsera mlandu wautali chonchi.

Koma si misonkho yokha. Kuyambira 2001 European Union imalola katundu wa mayiko osaukitsitsa, kupatula zida zankhondo, kulowa wopanda msonkho. Khomo lili lotsegula, komabe fakitale siyenda magetsi akamazimazima, ndipo katundu wa dziko lopanda doko amadula asanafike n'komwe panyanja. Vuto lili mbali zonse ziwiri za malire.

## Mmene ngongole zinachokera ndi mmene zinabwerera

M'zaka za m'ma 1970 mitengo ya mafuta inakwera, mayiko opopa mafuta anasungitsa ndalama zambiri m'mabanki a Azungu, ndipo mabankiwo anazibwereketsa mosavuta ku mayiko osauka. Kenako chiwongoladzanja ku America chinakwera mpaka kuyandikira 20 peresenti mu 1981. Mu August 1982 Mexico inalengeza kuti singathe kulipira, ena ambiri n'kutsatira. Kuti athandizidwe ndi mabungwe obwereketsa ndalama padziko lonse a IMF ndi World Bank, mayikowa anayenera kuvomera mfundo zokhwima: kuchepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, kugulitsa makampani a boma, kuchepetsa mphamvu ya ndalama ndi kutsegula misika. Oikira kumbuyo mfundozi amati chuma chinali chitasokonekera kale ndipo panalibe njira ina. Otsutsa amati zinapha mafakitale aang'ono ndi kufoola sukulu ndi zipatala. Mkanganowu sunathe mpaka lero.

Mu 1996 kunakhazikitsidwa ndondomeko yochepetsera ngongole za mayiko osauka otchedwa HIPC. Mipingo ndi mabungwe padziko lonse anachita kampeni ya Jubilee 2000 yopempha kuti ngongolezo zifafanizidwe, ndipo mu 2005, pamsonkhano wa mayiko olemera a G8 ku Gleneagles m'dziko la Scotland, anavomera kukhululukanso zimene mayikowa anali nazo ku IMF, World Bank ndi African Development Bank. Mayiko oposa 30 anachotseredwa madola oposa 100 biliyoni. Zinathandiza ndithu: ndalama zina zinapita ku sukulu ndi ku zipatala.

Chimene sichinasinthe ndi chija tafotokoza kale. Mayikowa anapitiriza kugulitsa zosakonza, anapitiriza kusowa misewu, magetsi ndi madoko, ndipo misonkho yawo inali yosakwana kumangira zonsezi. Munthu amene wakhululukiridwa ngongole koma malipiro ake ali omwe aja, denga likadontha amakabwerekanso. Kubwereka pakokha si tchimo. Palibe dziko lolemera limene linamanga njanji ndi madamu ake popanda ngongole. Funso n'loti wabwereka kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo wagulira chiyani.

Apa ndiye panasintha zinthu. Kale obwereketsa anali maboma ochepa olemera, omwe amakumana m'gulu lotchedwa Paris Club, pamodzi ndi mabanki achitukuko omwe amapereka ngongole zofewa, zobweza pa zaka 30 kapena 40 ndi chiwongoladzanja chochepa. Pambuyo pa 2005 kunabwera ena awiri. Woyamba ndi China, yomwe inabwereketsa ndalama zambiri zomangira misewu, njanji ndi malo opangira magetsi. Wachiwiri ndi msika wa mabondi. Bondi ndi kalata imene boma limagulitsa kwa eni ndalama, kulonjeza kuti lizilipira chiwongoladzanja chaka ndi chaka, kenako n'kubweza ndalama yonse pa tsiku loikika. Ghana inagulitsa bondi yake yoyamba ya madola 750 miliyoni mu 2007, Zambia ya ndalama zomwezo mu 2012. Maboma anazikonda chifukwa zimabwera msanga ndiponso popanda wokuuza mmene uzigwiritsire ntchito. Koma walira mvula walira matope: chiwongoladzanja chake n'chokwera, ndipo tsiku lobweza likafika pamafunika ndalama yonse nthawi imodzi.

Mtengo wobwerekera umadalira kwambiri makampani atatu, Moody's, S&P ndi Fitch, omwe amapereka magiredi osonyeza ngati dziko lili lodalirika pobweza. Giredi ikatsika, chiwongoladzanja chimakwera. UNCTAD inapeza kuti mayiko okwera kumene amabwereka pa mtengo wowirikiza kawiri mpaka kanayi poyerekeza ndi America. Obwereketsa amati n'zomveka, chifukwa kumene kuli chiopsezo chachikulu phindu liyeneranso kukhala lalikulu, ndipo ena mwa mayikowa analepheradi kubweza. Maboma ambiri a mu Africa amati magirediwo amakokomeza chiopsezo, n'chifukwa chake African Union yakhala ikukonza zokhala ndi bungwe lakelake lopereka magiredi. Kaya wolondola ndi ndani, zotsatira zake n'zoonekeratu: amene akufunitsitsa ndalama ndi amene amazigula modula, ndipo kudulako kumamuyandikizitsa ku kulephera kumene obwereketsa ankaopa.

## Dziko likalephera kubweza

Kampani ikagwa, pali khoti limene limasonkhanitsa onse amene ili nawo ngongole n'kugamula kuti aliyense alandira zingati. Dziko lilibe khoti lotere. Liyenera kukambirana ndi aliyense, ndipo aliyense amayang'ana mnzake: ndikakhululuka ine, ndalamazo sizikangolipirira winayo?

Mliri wa Covid-19 utafika, gulu la mayiko a chuma chachikulu la G20 linalola mayiko osauka kuimitsa kaye kulipira kuyambira May 2020 mpaka December 2021. Mayiko 48 anachita nawo, ndipo pafupifupi madola 13 biliyoni anaimitsidwa. Uku kunali kuchedwetsa chabe, osati kukhululuka, ndipo eni mabondi pafupifupi onse sanalowemo. Mu November 2020 G20 inakhazikitsa njira ina yotchedwa Common Framework, cholinga chake kukhazika pamodzi Paris Club, China ndi obwereketsa ena. Chad, Ethiopia, Zambia ndi Ghana ndiwo anapempha kuigwiritsa ntchito.

Zambia inalephera kulipira mu November 2020. Mgwirizano ndi maboma obwereketsa, wa ngongole ya madola 6.3 biliyoni, unadzapezeka mu June 2023, ndipo wa eni mabondi mu 2024. Zaka zoposa zitatu! Pa nthawi yonseyo dziko silingabwereke kumsika, amalonda akunja amayamba adikira, ndipo mwana amene anayamba sukulu vutoli likuyamba wafika kale m'kalasi lachinayi. Sri Lanka, yomwe inalephera mu 2022, sinaloledwe n'komwe kugwiritsa ntchito njirayi chifukwa imawerengedwa ngati dziko la chuma chapakati, osati losaukitsitsa.

Palinso makampani amene amagula ngongole za mayiko ovutika pa mtengo wotsika, kenako n'kukasuma kuti alipidwe yonse. Kampani ina inagula ngongole yakale ya Zambia pa madola pafupifupi 3 miliyoni, n'kukasuma ku London kufuna 55 miliyoni. Mu 2007 khoti linaipatsa cha m'ma 15 miliyoni. Britain inadzakhazikitsa lamulo mu 2010 loletsa mchitidwewu pa ngongole za mayiko a HIPC. Popeza mabondi ambiri amalembedwa motsata malamulo a England kapena a New York, kusintha malamulo m'malo awiri okhawa kungakhudze dziko lonse, ndipo ena akulimbikira zimenezo. Otsutsa amachenjeza kuti obwereketsa akaona kuti chitetezo chawo chachepa adzakweza chiwongoladzanja.

## Zotulukira kuseri

Mayiko a mu Africa amatolera misonkho yokwana pafupifupi 16 peresenti ya chuma chimene amapanga pa chaka, pomwe mayiko olemera a m'bungwe la OECD amatolera yoposa 30 peresenti. Chifukwa china n'choti anthu ambiri amachita malonda osalembetsa. China n'choti phindu limasamutsidwa. Kampani yokumba miyala ikhoza kugulitsa miyalayo motchipa kwa kampani inzake ya mwini yemweyo, yolembetsedwa m'dziko la msonkho wochepa. Pamapepala mgodi ukuoneka kuti sukupindula, ndiye palibe msonkho. Phindu lenileni laonekera kwina. Gulu limene linatsogoleredwa ndi Thabo Mbeki linanena mu 2015 kuti Africa imataya madola osachepera 50 biliyoni chaka chilichonse kudzera m'njira zotere, pamodzi ndi katangale ndi malonda oletsedwa.

Mu 2021 mayiko oposa 130 anagwirizana, kudzera ku OECD, kuti makampani akuluakulu azilipira msonkho wosachepera 15 peresenti kulikonse kumene ali. Mayiko ambiri osauka anaona kuti malamulowo analembedwa mokomera kumene makampaniwo amachokera. Choncho mu 2023 mayiko a mu Africa, motsogozedwa ndi Nigeria, anapambana voti yoti nkhani ya misonkho ikambidwe ku United Nations, kumene dziko lililonse lili ndi voti imodzi. Mayiko ambiri olemera anavota mokana, ponena kuti kuteroko n'kubwereza ntchito yochitika kale. Zokambiranazo zikuyembekezeka kutha mu 2027.

## Ngongole ya nyengo

Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana 4 peresenti wa umene ukutenthetsa dziko, koma chilala, madzi osefukira ndi namondwe sizisankha wolakwa. Madzi osefukira a mu 2022 ku Pakistan anakhudza anthu 33 miliyoni ndi kuwonongetsa chuma cha madola pafupifupi 30 biliyoni. Dziko lotere limabwereka kuti limangenso mlatho umene ngongole yake yoyamba sinathe.

Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pa chaka pofika 2020. Malinga ndi OECD, lonjezoli linakwaniritsidwa mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole, osati mphatso. Thumba lolipirira zowonongeka ndi nyengo linavomerezedwa mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, koma malonjezo oyamba anali cha m'ma 700 miliyoni chabe. Mu 2024 ku Baku anagwirizana za 300 biliyoni pa chaka pofika 2035, mayiko osauka atapempha zoposa 1 thililiyoni. Mayiko olemera nawo amati bajeti zawo zapanikizika, ndipo akufuna kuti China ndi mayiko olemera ndi mafuta azisonkha nawo.

## Ndani ali ndi mawu pabwalo?

IMF ndi World Bank zinabadwa mu July 1944 ku Bretton Woods, pamsonkhano wa mayiko 44, pa nthawi imene mbali yaikulu ya Africa ndi Asia inali m'manja mwa atsamunda. M'mabungwe amenewa mavoti amatsata kukula kwa chuma ndi ndalama zimene dziko linasonkha. America ili ndi mavoti oposa 16 peresenti ku IMF, ndipo popeza zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85 peresenti, ikakana yokha nkhani yathera pomwepo. Mwa chizolowezi chosalembedwa, mkulu wa IMF amakhala wa ku Ulaya ndipo wa World Bank amakhala wa ku America. Oikira kumbuyo dongosololi amati wosonkha zambiri ayenera kukhala ndi mawu ambiri, apo ayi angasiye kusonkha.

Kuti tione tanthauzo lake, titenge za mu August 2021. IMF ili ndi mphamvu yopanga chuma chosungira chotchedwa SDR, chomwe dziko lingasinthanitse ndi madola. Pofuna kuthandiza pa mliri, inapanga SDR zokwana madola 650 biliyoni. Koma zinagawidwa motsata ndalama zimene dziko lililonse linasonkha ku IMF, ndiye zambiri zinapita ku mayiko olemera omwe sanazisowe kwenikweni. Africa yonse inalandira pafupifupi 33 biliyoni. Pambuyo pake mayiko olemera analonjeza kupereka 100 biliyoni mwa zawo kuti zibwereketsedwe kwa osauka.

Nalo thandizo lili ndi mbiri yake ya malonjezo. Mu 1970 United Nations inavomereza kuti mayiko olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chawo, ndiye kuti masenti 70 pa madola 100 alionse. Amene akhala akukwanitsa ndi ochepa, monga Norway, Sweden, Denmark ndi Luxembourg.

Zina zasuntha pang'ono. African Union inalowa mu G20 mu September 2023, ndipo mu 2024 mayiko a kumwera kwa Sahara anapatsidwa mpando wachitatu m'komiti yoyendetsa IMF. Mayiko a BRICS (Brazil, Russia, India, China ndi South Africa) anatsegula banki yawo yachitukuko ku Shanghai mu 2015.

## Mbali ya eni ake

Kungakhale kusaona chilungamo kuloza chala kunja kokha. Mu 2016 kunadziwika kuti Mozambique inali ndi ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zimene nyumba ya malamulo sinavomereze. Othandiza anaimitsa thandizo, ndalama inagwa, anthu wamba ndiwo analipira. Pa nkhani yomweyo mabanki akunja anapezekanso olakwa, chomwe chikusonyeza kuti katangale wamkulu amafuna manja awiri. Ku Sri Lanka boma linachepetsa kwambiri misonkho mu 2019, n'kuletsa feteleza wogula mwadzidzidzi mu 2021, zokolola n'kugwa. Zimenezi sanawalamule ndi akunja.

Ndipo pali amene anakwera malamulo a dziko lonse ali omwewa. South Korea inali yosauka kwambiri m'zaka za m'ma 1950. Inalimbikira maphunziro ndi mafakitale ogulitsa kunja, ndipo lero ndi yopereka thandizo. Vietnam inasintha kayendetsedwe ka chuma chake kuyambira 1986. Botswana inagawana ndi kampani ya De Beers umwini wa migodi ya dayamondi n'kusunga gawo la phindu. China inatulutsa anthu pafupifupi 800 miliyoni mu umphawi wadzaoneni. Ena amawerenga nkhanizi ngati umboni woti utsogoleri wabwino ndiwo chinsinsi. Ena amakumbutsa kuti Korea inalandira thandizo lochuluka la America, ndiponso inateteza mafakitale ake m'njira zimene malamulo a WTO lero amaletsa kapena kuchepetsa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mayiko osauka ayamba kuyang'anana okhaokha. Malonda a pakati pa mayiko a mu Africa ndi pafupifupi 15 peresenti chabe ya malonda awo onse, pomwe ku Ulaya ndi oposa 60 peresenti. Mgwirizano wa msika umodzi wa Africa, AfCFTA, unasainidwa ku Kigali mu 2018 n'kuyamba kugwira ntchito mu January 2021, ngakhale katundu woyenda pansi pa malamulo ake akadali wochepa. Ubwino wake n'woti zimene mayikowa amagulitsana okhaokha zambiri zimakhala zokonzakonza, mosiyana ndi zimene amatumiza kutsidya la nyanja. Palinso njira yolipirirana yotchedwa PAPSS, yoyamba mu 2022, yoti wamalonda wa ku Ghana alipire mnzake wa ku Kenya popanda kusakasaka kaye dola.

## Pamene malamulo anasinthapo

Kodi malamulo a dziko lonse amasinthika? Nkhani ya mankhwala otalikitsa moyo ikuyankha. Cha m'ma 2000 mankhwala a munthu mmodzi wa HIV ankadula madola oposa 10,000 pa chaka. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inati ikhoza kuwapereka pa madola 350. Chaka chomwecho ku Doha mayiko a WTO anavomereza kuti malamulo oteteza umwini wa mankhwala asalepheretse boma kuteteza miyoyo ya anthu ake. Odwala, madokotala, maboma osauka ndi olemera omwe anakokera mbali imodzi, thumba la Global Fund lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo linabadwa mu 2002, ndipo anthu mamiliyoni ali moyo lero chifukwa cha izo. Koma India ndi South Africa atapempha zofanana pa katemera wa Covid-19 mu October 2020, yankho linabwera mu June 2022, lochepa kuposa chimene anapempha, mliri utapha kale ambiri.

Pa ngongole, ganizo limodzi limene likufalikira likuchokera ku zilumba za Caribbean. Mia Mottley, nduna yaikulu ya Barbados, wakhala akulimbikitsa kuyambira 2022 kuti mabanki achitukuko azibwereketsa zambiri ndi motchipa, komanso kuti m'pangano lililonse la ngongole muzilembedwa mfundo yoti tsoka lachilengedwe likagwa, kulipira kuyambe kwaima. Grenada inaika mfundo yotere m'mabondi ake mu 2015. Namondwe Beryl atasakaza zilumba zake mu July 2024, boma linaigwiritsa ntchito: ndalama zimene zikanapita kwa eni mabondi zinatsala m'dzikomo kuti zithandize kumanganso, popanda milandu ndiponso popanda kudikira zaka zitatu. Ngongoleyo sinafafanizidwe, idzalipidwabe. World Bank nayo yayamba kuika mfundo yotere m'ngongole zake kwa mayiko ang'onoang'ono, ndipo chimene akukangana tsopano n'choti kodi ifalikire kwa mayiko onse osauka.